Dzanja ndi mwendo wamatsenga mu Dungeons & Dragons: gwirizanani sewero lisanayambe

Dungeons & Dragons ndi sewero lopeka nthano pagulu lomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Munthu mmodzi amayendetsa nkhani, ena aliyense amakhala ndi mtengambali wake, ndipo madayisi ndiwo amagamula zomwe zachitika. Matsenga ake amathera papepala pomwepo, makolo asade nkhawa kuti ana alowa zaufiti.

Kuno ku Mangochi, woyendetsa sewero sangachedwe kuika ng'ona m'nkhani, monga zomwe asodzi amaziopa mu Shire ndi ku Malombe. Ng'onayo ikadula mtengambali mwendo, chotsatira n'chiyani?

Malamulo a mu 2014 ali ndi ndandanda ya zilonda zosapola, yomwe gulu lingasankhe kuigwiritsa ntchito kapena ayi. Mumaponya dayisi ya mbali 20. Ikagwa 1, diso lapita. 2, dzanja kapena mkono. 3, phazi kapena mwendo. Wotaya mwendo liwiro lake limatsika ndi theka, kuchoka pa mafiti 30 kufika pa 15, ndipo amayendera ndodo pokhapokha akhale ndi mwendo woikirira. Wotaya mkono sangagwirenso chida cha manja awiri. Matsenga omeretsa chiwalo alipo, dzina lake Regenerate, koma ndi a gawo 7 mwa magawo 9 a mphamvu za matsenga, ndipo magulu ambiri nkhani imatha asanafike kumeneko.

Apa m'pamene chiwalo chamatsenga chimathandiza. Chili m'gulu la zida wamba, zomwe m'malamulo a mu 2014 mtengo wake unali pakati pa ndalama zagolide za m'seweroli 50 ndi 100. Chimagwira ntchito ndendende ngati chiwalo chobadwa nacho, mwiniwake amachivula kapena kuchivala ndi mpata umodzi wa nthawi yake yosewera, mdani sangamuchotse mokakamiza, ndipo chimagwa chokha mwiniyo akafa.

Pomwe anthu amakangana kwambiri ndi pa attunement, kulumikiza chida ndi mwini wake. Kumatenga ola limodzi lopuma, ndipo mtengambali saloledwa kupyola zida 3 zotere. Buku la malamulo owonjezera la Eberron la mu 2019 linkafuna kuti chiwalochi chitenge malo amodzi mwa atatuwo. Buku lina lotere, la Tasha la mu 2020, linachotsa lamulolo, ndipo linachita bwino. Taganizani: anzake ali ndi lupanga, mphete ndi chovala zamatsenga, iye wa mwendo wamatsenga watsala ndi malo awiri chifukwa chongofuna kuyenda. Kumeneko n'kumulanga kawiri. Tsatirani la 2020.

Chosiyana ndi Arcane Propulsion Arm, mkono womwe ndi chida chankhondo. Umapweteka ndi dayisi imodzi ya mbali 8, umaponyedwa bwinobwino mpaka mafiti 20, movutikira mpaka 60, kenako umabwerera pamalo pake. Umenewo uyeneradi kudya malo a attunement, ndipo ndi wosowa kwambiri. Musaupereke mtengambali akadali pa gawo 2 la kukula kwake, wosewerayo angaphimbe anzake onse.

Tsono pali Antimagic Field, matsenga a gawo 8 omwe amazimitsa mphamvu ya pafupifupi zida zonse zamatsenga zomwe zili mafiti 10 kuzungulira wowachita. Mwendo uja ukalowa m'menemo umasanduka mtengo ndi chitsulo chabe. Kodi ugwa? Mwiniwake agwa nawo? Izi muzigamule tsiku loyamba, osati nkhondo ili mkati aliyense atakwiya. Langizo langa: mwendo ukhalebe pamalo pake ngati mwendo wamtengo, liwiro litsike ndi theka, likakhala dzanja lisafumbate kanthu, ndipo zonse zibwerere mwakale akangotuluka m'deralo.

Zina ndi zokometsera chabe. Mkono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa bwato, womangidwa ndi ulusi wa ukonde, suwonjezera mphamvu iliyonse koma umapatsa wosewera nkhani yoti akambe. Lembani pa pepala la mtengambali mizere itatu: anaupanga ndani, anaupanga ndi chiyani, ngongole yatsala zingati.

Musadule chiwalo cha mtengambali popanda kumufunsa mwiniwake. Pagulu pakhoza kukhala wina yemwe bambo ake kapena malume ake anaduka mwendo pangozi yanjinga yamoto, kapena chifukwa cha matenda a shuga. Mufunseni pambali musanaponye dayisi ija, ndipo akakana, m'patseni chipsera m'malo mwake n'kupitiriza sewero.