Nkhani yanu iyambe yadutsa m'khutu la mnzanu musanaiponye pagulu

Ntchito yanga ndi yokonza zolemba za anthu zisanasindikizidwe, nde ndimakumana ndi alembi amitundu iwiri. Wina amabisa zomwe akulemba ngati chilonda, zaka zitatu palibe amene waonako olo tsamba limodzi, akamadzafika kwa ine buku lonse latha ndipo vuto lomwe linayambira pa tsamba 5 labereka ana mpaka tsamba 200. Winayo akangolemba ndime ziwiri basi waponya kale pa Facebook, ma like mbwee, anthu akufunsa kuti gawo lachiwiri lili kuti, koma nkhani ija imafera pompo. Onsewa amandimvetsa chisoni chifukwa akusowa chinthu chimodzi, munthu woti awawerenge moona mtima pa nthawi yake.

Mwina mukuti bwanji osangodziwerengera ndekha kangapo. Vuto lake ndi loti mukamawerenga zomwe mwalemba nokha simuona zomwe zili papepala, mumaona zomwe zinali m'mutu mwanu. Mawu amene mwadumpha ubongo umangodzaziramo, munthu amene simunamufotokoze bwino inu mukumuona bwinobwino chifukwa mwakhala naye miyezi, pomwe wowerenga ali ndi pepala lokhalo basi. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ineyo amene, pamene ndimakonza za ena, zanga ndimapereka kwa mkonzi wina ndipo amapezamo zinthu zoti ndinadutsapo kakhumi osaziona.

Musaganize kuti izi ndi za ongoyamba kumene. T.S. Eliot atalemba ndakatulo yake yaitali ija The Waste Land anaipereka kwa mnzake Ezra Pound, ndipo Pound anadula pafupifupi theka lonse isanatuluke mu 1922. Theka! Eliot sanakwiye, anachita kulemba dzina la Pound koyambirira kwa ndakatuloyo pomulemekeza. Ku Oxford nakonso, m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, kunali kagulu ka alembi kotchedwa Inklings komwe kamakumana Lachinayi madzulo m'chipinda cha C.S. Lewis kumawerengerana zomwe sizinathe. J.R.R. Tolkien, mmodzi wa kaguluko, anayamba The Lord of the Rings mu 1937, buku linadzatuluka mu 1954 ndi 1955, ndipo mwiniwake anavomera kuti kulimbikitsa kwa Lewis ndi komwe kunamuthandiza kuti alimalize. Tangoganizani zaka zonsezo munthu uli ndi nkhani imodzi, popanda wina wokufunsa kuti mutu wotsatira uli pati ungathe kungoisiya m'kabati.

Koma nthawi yake ndi iti? Ine ndimati dirafuti yoyamba ndi yanu nokha. Ikadali yanthete, simunadziwe n'komwe kuti ikupita kuti, nde mukaionetsa munthu pamenepo mawu amodzi okha okugwetsani ulesi atha kuipha, komanso kukuyamikirani kwambiri kumaipha chimodzimodzi chifukwa mtima umakhuta ngati ntchito yatha. Malizani kaye, isiyeni sabata imodzi kapena ziwiri, muikonze mpaka pomwe nzeru zanu zathera. Mukafika poti mukumva kuti china chake chalakwika koma simukuchipeza, imeneyo nde nthawi yoitana anzanu.

Anzanuwo asachuluke, atatu kapena anayi akwana. Ndipo asakhale okhawo amene amakukondani kwambiri, mayi anu adzati zili bwino mwanawanga chifukwa akuona inu osati nkhaniyo. Pezani anthu amene amawerenga mabuku, bola wina mwa iwo akhale woti naye amalemba, akudziwa ululu wake wodula ndime yomwe unaikonda.

Mukakumana werengani mokweza, apa nde pamene ndimalimbikira kwambiri. Khutu limagwira zomwe diso laphonya. Chiganizo chomwe chakutherani mpweya musanafike kumapeto ndi chachitali, mawu amene mwabwereza katatu mu ndime imodzi amalira ngati belu, ndipo zokambirana za anthu a m'nkhani zikakhala zonama pakamwa panu pomwe pamakana, mumachita kumva kuti munthu wamoyo sayankhula chonchi. Gustave Flaubert, amene anatha zaka pafupifupi 5 akulemba Madame Bovary, ankachita kukuwa ziganizo zake mokweza kuti amve pomwe zikutsimphina. Masamba atatu kapena anayi pa munthu mmodzi ndi okwanira, mukapitirira apo anthu amatopa n'kuyamba kungogwedeza mutu.

Mukamaliza kuwerenga khalani chete. Ndikudziwa kuti ndi zowawa. Ku Iowa Writers' Workshop, sukulu ya alembi ya ku America yomwe inayamba mu 1936, chizolowezi chomwe chinatchuka ndi choti mwini nkhani sayankhula pamene anzake akuikambirana. Ena masiku ano amadandaula kuti lamuloli limapondereza mlembi, ndipo ndimawamvetsa, nde ine ndimalola mwiniwake kufunsa mafunso kumapeto. Koma kudziteteza kokha ayi. Mukayamba zoti "apa ndimatanthauza kuti" dziwani kuti buku likadzatuluka simudzakhala pambali pa wowerenga aliyense kumamufotokozera. Ngati tanthauzo silili papepala ndiye kuti palibe.

Ndipo mafunso ake akhale olunjika. Funso loti "mwaiona bwanji" limangobweretsa yankho loti "ili bho". Afunseni kuti maganizo anu anachoka pati, munasokonezeka pati, ndi munthu uti amene mukumukumbukirabe, mukuganiza kuti chichitike n'chiyani kutsogoloku. Chomwe ndaona pa ntchitoyi ndi choti wowerenga akaloza malo n'kunena kuti apa pandivuta nthawi zambiri amakhala akunena zoona, koma akayamba kukuuzani mmene mukonzere, apo samalani, chifukwa aliyense amafuna nkhani yanu ikhale ngati yomwe akanalemba iyeyo. Tengani malowo, mankhwala ake mupeze nokha. Munthu mmodzi akadandaula mutha kulingalira kaye, koma atatu akapunthwa pa ndime imodzimodzi musachite makani, ndimeyo ili ndi vuto.

Ambiri amandiuza kuti akuopa kuberedwa. Manthawa ndi omveka. Koma m'maiko amene ali mu pangano la Berne loteteza umwini wa zolemba, lomwe linayamba mu 1886, umwini wa zolemba umayamba mukangolemba, sizidalira kuti munakalembetsa kwina kwake. Chomwe lamulo limateteza ndi mawu anu ndi kalembedwe kanu, osati ganizo chabe, nde wina atha kulemba yake nkhani ya mwana wamasiye amene analemera ndipo sanakubereni kanthu. Sungani madirafuti anu okhala ndi madeti, dzitumizireni pa imelo. Ndipo musapereke kope lokhalo lomwe muli nalo. Chinua Achebe anatumiza ku London kope lolemba pamanja la Things Fall Apart kuti akalitayipe, linali lomwelo basi, ndipo linakhala miyezi osamva kanthu mpaka bwana wake wa kuntchito atapita kukalilondola. Buku lomwe linatuluka mu 1958 lija likanatha kusowa chonchi.

Za Facebook sindikuti musamalembepo. Gawanani ndi anthu moyo wanu wa ulembi, auzeni kuti lero ndalemba tsamba limodzi lokha, kuti osindikiza andikana kachitatu, kuti mutu 7 wandikanika mwezi wathunthu, zimenezi zimalimbitsa mtima mnzanu amene amaganiza kuti akuvutika yekha. Koma nkhani yathunthu yomwe mukufuna kudzatumiza ku magazini kapena ku mpikisano musaiponye pagulu, chifukwa ambiri mwa iwo chilichonse chomwe chaonekera kale pa intaneti amachitenga ngati chosindikizidwa kale ndipo sachilandira. Werengani malamulo awo musanadine batani.

Nanunso ikafika nthawi yoti mnzanu akuwerengereni zake, foni ikani kumbali, mumvetsere mpaka amalize. Yambani mwamuuza malo amene anakugwirani mtima ndi chifukwa chake, kenako mumulozere pomwe munasochera, ndi nambala ya tsamba yomwe, kuti akafika kunyumba akadziwe poyambira.