Mtsikana akalowa m'nyumba yosamalira ana ya mpingo, banja lake lisatsale pageti

"Ndalephera naye, mumuwongole." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri pa ntchito yanga yoteteza ana, ndipo kawirikawiri amachokera kwa mayi amene watopa kwenikweni. Mtsikanayo amakhala ataima kumbuyo, atagwira jumbo ya zovala, maso ali pansi, chala chakuphazi chikukanda dothi. Ukamufunsa dzina, amayankha ndi amayi ake. Ukafunsa zaka, amayankhanso ndi amayi omwewo.

Makolo ndi akuluakulu a mipingo amandifunsa ngati n'kwabwino kupereka mwana ku nyumba zosamalira atsikana zoyendetsedwa ndi Akhristu. Ndimawauza kuti ayang'ane chinthu chimodzi choyamba: kodi nyumbayo ikugwira ntchito ndi banja la mwanayo kuti tsiku lina adzabwerere pakati pa anthu ake, kapena yangomulandira n'kutseka geti?

Atsikana amene amafika kumalo oterewa sabwera ndi vuto lofanana. Wina wathawa ukwati umene anamukakamiza, wina wathamangitsidwa pakhomo atapezeka ndi mimba, wina wakhala akugwiriridwa ndi bambo omupeza, wina wazolowera kugona m'makhonde a masitolo m'tauni. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 m'Malawi muno, 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, 29 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma mtsikana amene wachotsedwa paukwati lero amafuna pogona usiku womwewo, ndipo nthawi zambiri mpingo ndi umene umakhala ndi chipinda ndi bulangete.

Masiku oyamba ali ndi ntchito yake yosadikira. Ngati mtsikana wagwiriridwa, ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV. M'zipatala zikuluzikulu muli malo otchedwa Chikwanekwane, pomwe dokotala, wapolisi ndi wa zosamalira anthu amathandiza mwana pamalo amodzi kuti asamangobwereza nkhani yowawa m'maofesi osiyanasiyana. Kupolisi kuli Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo pafoni pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Mayi woyang'anira nyumbayo apemphere ndi mwanayo, ine ndimakhulupirira kuti pemphero limatonthoza mtima wosweka, koma apemphere ali pa ulendo wa kuchipatala. Ndipo achibale akabwera ndi abusa kudzapempha kuti "tikambirane pachibale, tisachititse banja manyazi", nyumba yabwino imawapatsa mpando ndi madzi akumwa, kenako n'kuwauza mwaulemu kuti kugwirira mwana ndi mlandu umene sungathere pamkeka.

Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana silipatsa mpingo mphamvu yosunga mwana mwaokha. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'bomalo iyenera kudziwa za mwana aliyense, ndipo nkhani zina zimafunika chigamulo cha khoti la ana. Atsogoleri ena amaona izi ngati boma likulowerera ntchito ya Mulungu. Ine ndimaona kuti zikuteteza mwana ndi mpingo womwe.

Ntchito yaikulu, imenenso imanyalanyazidwa kwambiri, ili kumudzi kumene mwanayo wachokera. Ndikukumbukira ulendo wina pamene ndinakacheza ndi banja la mtsikana wa zaka 15 amene anali atakhala m'nyumba ya mpingo kwa mwezi umodzi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, malume ake pa kampando, amayi ndi agogo pamkeka. Kwa nthawi yaitali nkhani inali ya mwano wa mwanayo, kuti samva, kuti amabwera usiku. Ndinangomvetsera. Kenako agogo aja, akusenda chinangwa osayang'ana aliyense, anati: "Nanga akanadya chiyani? Bambo uja ndi amene ankagula ufa." Panakhala chete. Aliyense pakhomopo ankadziwa kumene mwanayo ankapita usiku, ndipo thumba la ufa linawatseka pakamwa.

Tikanangomusunga mtsikanayo miyezi isanu ndi umodzi, n'kumuphunzitsa mavesi ndi kusoka, kenako n'kumubweza pakhomo lomwelo lopanda ufa, tikanataya nthawi yake ndi yathu. Choncho pamene iye ankalandira uphungu, ifenso tinkayenda ndi amayi ake: kuwalowetsa m'banki mkhonde, kukambirana ndi aphunzitsi aakulu za malo ake kusukulu, kukhala pansi ndi malume mpaka atavomera kuti mwana wa mlongo wawo analakwiridwa. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, koma makolo ambiri sadziwa zimenezi mpaka wina atawauza.

Sikuti mwana aliyense angabwerere kwa amayi ake. Ngati amene anamuchitira nkhanza akadali m'nyumbamo, sitimubwezako, kaya achibale achonderere bwanji. Pamenepo timafufuza azakhali, agogo a kuchimuna, kapena banja lina lodalirika la mumpingo limene a boma aliunika. Malangizo amene bungwe la United Nations linalandira mu 2009 okhudza ana osungidwa kunja kwa mabanja awo amanena zinthu ziwiri zimene ndimabwereza kwa aliyense woyendetsa nyumba yotere: umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake, ndipo nkhani ya mwana wosungidwa kwa kanthawi iziunikidwanso pafupipafupi, makamaka pa miyezi itatu iliyonse.

Chifukwa chimene ndimalimbikira pa geti lotseguka n'choti mbiri ya Chikhristu ili ndi bala pa nkhani imeneyi. Ku Ireland, masisitere ankayendetsa nyumba zotchedwa Magdalene laundries, momwe atsikana ndi amayi onenedwa kuti "agwa m'tchimo" ankatsekeredwa n'kumachapa zovala popanda malipiro. Ambiri anapititsidwako ndi mabanja awo omwe pofuna kubisa manyazi. Yomaliza inatsekedwa mu 1996 ku Dublin, ndipo mu 2013 nduna yaikulu Enda Kenny inapepesa m'dzina la boma. Chinawononga malo amenewo n'chakuti mtsikana ankaonedwa ngati wochimwa wofunika kulangidwa, ndipo panalibe wakunja wobwera kudzamufunsa payekha kuti akukhala bwanji.

Zizindikiro za matenda omwewo zimaoneka msanga. Mtsikana akuimiritsidwa kutsogolo kwa mpingo kuti aulule zimene anachitidwa. Chithunzi chake chili pa Facebook pamodzi ndi nkhani yake yonse pofuna kukopa opereka thandizo. Woyembekezera akuuzidwa kusala kudya kuti ziwanda zituluke. Wodwala maganizo walandidwa mankhwala ake poti akusowa chikhulupiriro. Amayi ake akabwera akuuzidwa kuti adzasokoneza machiritso. Mukaona chimodzi mwa izi, kanenani kwa a zosamalira anthu.

Ndikamaphunzitsa amayi oyang'anira nyumbazi ndimakonda kuwerenga nawo nkhani ya mwana wa Yairo pa Marko 5. Mtsikanayo anali wa zaka 12. Yesu anatulutsa khamu lonse, koma analowa m'chipindamo ndi bambo ndi mayi ake a mwanayo. Atamudzutsa, analamula kuti amupatse chakudya, ndipo anawaletsa kulengeza nkhaniyo. Amayi ambiri amagwedeza mutu akafika pamenepo, chifukwa amaonamo ntchito yawo yomwe.

Inu makolo amene mukuganiza zopereka mwana wanu, musachite manyazi kufunsa mafunso tsiku loyamba. Funsani ngati nyumbayo inalembetsedwa kuboma ndipo muone chikalata chake. Funsani masiku amene mungabwere kudzamuona, ndiponso amene mwanayo angakadandaule kwa iye ngati wogwira ntchito wamuchitira zoipa. Funsani ngati pali mlangizi wophunzitsidwa kupatula abusa, komanso ngati mwanayo adzapitiriza sukulu. Kenako pemphani kuti akulembereni dongosolo la mmene adzatulukire: adzapita kwa yani, inu muchite chiyani pakali pano, ndipo ndani adzabwere kudzamuyendera akadzabwerera kwawo. Musanasaine, pemphani wa zosamalira anthu alankhule ndi mwanayo payekha, inu muli panja, kuti nayenso anene kumene akuona kuti angagone popanda mantha.