Thyspunt: gombe lomwe akatswiri analoza, boma n'kuloza kwina

M'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, pakati pa Oyster Bay ndi Cape St Francis, pali gombe lotchedwa Thyspunt. Kulibe tauni, kulibe fakitale. Kuli miyala, tchire lalifupi, mphepo yosapuma ndi zitunda za mchenga zimene zimasendera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Komabe kwa zaka zoposa 30 malowa sanachoke pakamwa pa mainjiniya, asodzi, maloya ndi nduna, chifukwa kampani ya magetsi ya Eskom inafuna kumangapo siteshoni ya magetsi a nyukiliya.

Nkhaniyi inayambira ku Koeberg, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Cape Town. Ntchito yomanga siteshoni ya magetsi a nyukiliya kumeneko inayamba mu 1976, ndipo makina oyamba anapereka magetsi mu 1984, achiwiri mu 1985. Dera la Cape Town linagwedezekapo ndi chivomerezi chachikulu mu 1809, choncho mainjiniya sanafune kuchita chibwana. Nyumba ya makinawo anaikhazika pa mapilo a labala oposa 1,800, kuti nthaka ikagwedezeka mphamvu yake isafike yonse pamwamba. Amene anaona zimene chivomerezi chinachita ku Karonga mu Disembala 2009 amvetsa chifukwa chake.

M'zaka za m'ma 1980 Eskom inayamba kusakasaka malo ena m'mphepete mwa nyanja. Zofunika zinali zambiri: madzi ochuluka oziziritsira makina, thanthwe lolimba pansi, kutali ndi ming'alu ya pansi pa nthaka yomwe ingadzetse chivomerezi, anthu ochepa oyandikana nawo. Malo asanu ndi amene anadzalowa m'kafukufuku wa zachilengedwe yemwe anayamba cha m'ma 2007: Thyspunt, Bantamsklip, Duynefontein pafupi ndi Koeberg, komanso Brazil ndi Schulpfontein ku Northern Cape. Awiri omalizawa anagwa msanga, popeza anali kutali ndi mawaya akuluakulu komanso mizinda yofuna magetsiwo.

Thyspunt ndiyo inawagwira mtima a Eskom. Eastern Cape ilibe siteshoni yaikulu yakeyake, magetsi ambiri amachokera kutali ku masiteshoni a malasha a ku Mpumalanga, pomwe mafakitale a ku Gqeberha, yomwe panthawiyo inkatchedwa Port Elizabeth, ali pafupi ndithu.

Ntchito imene inagwiridwa pamenepa ndi yosiririka, ndipo achinyamata ofuna uinjiniya ayenera kuidziwa. Akatswiri a miyala ankaboola pansi n'kutulutsa zidutswa zazitali zobulungira za thanthwe, kuzindandalika m'mabokosi ndi kulemba kuya kwa chilichonse. Ena ankakumba ngalande modutsa mng'alu wakalekale kuti awerenge m'dothimo kuti unasuntha liti komaliza. Ena ankayeza mafunde, kutentha kwa madzi, kayendedwe ka madzi apansi ndi kolowera mphepo. Ngozi ya pa siteshoni ya nyukiliya ya Fukushima ku Japan, yomwe inadza ndi mafunde aakulu a m'nyanja, itachitika mu Marichi 2011, funso la mafunde aakulu osefukira kumtunda linakula koposa kale. Munthu akhoza kuyamba ntchito yotere atangotuluka kuyunivesite, imvi n'kumera asanaone njerwa ndi imodzi yomwe itayalidwa.

Koma thanthwe silinali lokha pamalopo. M'nyanja ya kumeneko mumaswana chokka, nyama ya m'madzi ya miyendo yambiri imene asodzi a ku St Francis amagwira ndi mbedza n'kugulitsa ku Ulaya. Mabanja ambiri amadya za m'menemo. Pulani inali yoti mchenga wochuluka wokumbidwa pomanga ukatayidwe m'nyanja, ndipo asodziwo anati mchengawo ukwirira malo oikira mazira. Kumtunda nako kuli milu ya zigoba za nkhono, zida za miyala ndi makola a miyala okolera nsomba, zomwe zinasiyidwa ndi makolo a anthu a mtundu wa Khoisan. Bungwe la Gamtkwa Khoisan Council linakana, ndipo mu 2010 SAHRA, bungwe la boma loteteza malo a mbiri yakale, linatsutsa zoti pamangidwe siteshoni. Anthu a m'deralo, kudzera m'gulu la Thyspunt Alliance, ankafunsanso funso losavuta koma lolemera: ngozi itagwa tithawira kuti? Mu 2011 madzi osefukira anakokolola mlatho wa pa Sand River, msewu wopita ku St Francis Bay n'kuduka. Ine ndimaona kuti funso limeneli linali loyenera kuyankhidwa poyambirira penipeni, osati anthu atakuwa kale.

Lipoti lomaliza la akatswiri, la mu 2016, linalozabe Thyspunt. Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka. Mu Epulo 2017 khoti lalikulu la ku Western Cape linathetsa mgwirizano wa za nyukiliya womwe boma linasainirana ndi Russia mu 2014, pa mlandu umene anasuma mabungwe oteteza zachilengedwe a Earthlife Africa ndi SAFCEI. Makoma Lekalakala ndi Liz McDaid, amayi awiri amene anatsogolera nkhondoyi, analandira mphoto ya Goldman, yoperekedwa kwa oteteza zachilengedwe, mu 2018. Kenako mu Okutobala 2017 dipatimenti ya zachilengedwe inapereka chilolezo cha siteshoni ya mamegawati 4,000, koma osati ku Thyspunt. Inasankha Duynefontein, poona kuti kumeneko kuli kale Koeberg ndipo zowonongeka zidzachepa.

Nakonso sikunali phee. Otsutsa anachita apilo, ponena mwa zina kuti Cape Town yakula n'kuyandikira Koeberg kuposa mmene zinalili mu 1976. Apiloyo inakhala pafupifupi zaka 8, mpaka mu Ogasiti 2025 pomwe nduna ya zachilengedwe ya panthawiyo, Dion George, inati chilolezocho chikhalebe.

Chilolezo cha zachilengedwe pachokha sichimanga siteshoni. Pamafunikanso laisensi ya National Nuclear Regulator, bungwe loona za chitetezo cha nyukiliya, ndipo Eskom inapempha laisensi ya malo onse awiri mu 2016. Bungweli linakamva maganizo a anthu za Thyspunt mu 2021. Malowo akadali m'manja mwa Eskom, ndipo kampaniyo sinanenepo kuti yawasiya.