Tulo tikasokonekera pa ulendo wa ku China

Amalonda a ku Limbe amene amakapikula katundu ku Guangzhou amabwera kwa ine ndi dandaulo limodzi: akafika kumeneko usiku maso amangokhala gwa, koma masana n'kumawodzera ali pakati ponenerera mitengo. Ena amayamba kuganiza za malungo. Vutoli pa Chingerezi amati jet lag, ndipo silibwera chifukwa chokhalitsa m'ndege. Wonyamuka pa Chileka kupita ku Johannesburg sakumana nalo, popeza nthawi ya kumeneko ndi imodzi ndi yathu.

Mu ubongo muli kachigawo kosunga nthawi, kamene kamatsata kuwala kolowa m'maso. Kukada, thupi limatulutsa melatonin, amene amaitana tulo. Guangzhou ili patsogolo pathu ndi maola 6, choncho ikamakwana 10 koloko usiku kumeneko, thupi lanu likadali pa 4 koloko madzulo a ku Blantyre. Kuti lizolowere pamafunika pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse, ndipo ulendo wopita kum'mawa ndiwo umapweteka kwambiri, chifukwa kugona msanga n'kovuta kuposa kuchedwa kugona.

Apa ndiye ambiri amalakwitsa. Amalawirira kukawothera dzuwa poganiza kuti azolowera msanga, pomwe 6 koloko m'mawa ku Guangzhou ndi pakati pa usiku kwathu. Kuwala kwa nthawi imeneyo kumauza thupi kuti tsiku silinathe, ndiye tulo timachedweranso. Masiku awiri oyamba pewani dzuwa la m'mamawa, mutuluke panja cha m'ma 11 koloko. Kenako muziyamba kutuluka mofulumirirapo tsiku ndi tsiku.

Yambirani kunyumba: masiku atatu musananyamuke, muzigona ndi kudzuka msanga ndi ola limodzi tsiku lililonse. M'ndege imwani madzi, mowa muuleke, chifukwa tulo take n'toduladula. Khofi azikhala wam'mawa basi. Tulo tikakulemerani masana, mphindi 20 zakwana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala. Ngati mumabaya insulin, kapena mumamwa ma ARV kapena mankhwala a khunyu, musangosintha nthawi yomwera potengera wotchi ya kumene mwafika. Pitani kuchipatala musananyamuke, tikiti ili m'manja, kuti adokotala akulembereni maola omwera pa ulendo wonse, kupita ndi kubwera komwe.