Kukwera ndege muli ndi pathupi mutadwalapo sitiroko

Mayi woyembekezera amene anadwalapo sitiroko akandifunsa ngati angakwere ndege, sindithamangira kunena inde kapena ayi. Ndimayamba ndamufunsa kuti sitirokoyo inabwera bwanji.

Sitiroko ina imadza magazi akaundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo, ina imadza mtsempha ukaphulika. Kunja zimaoneka zofanana: pakamwa kupotoka, mkono kufooka, lilime kulemera. Koma mankhwala oteteza wina angathe kuvulaza mnzake. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva kuti mayi wagula aspirin pagolosale poti anzake amuuza kuti amasungunula magazi paulendo. Ngati yanu inali yophulika mtsempha, mungadziputire mavuto. Musayambe nokha mankhwala, ndipo amene adokotala anakulemberani musasiye nokha.

Ambiri amaopa mpweya wa m'ndege. M'katimo mpweya umafanana ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ngati pamwamba pa phiri la Zomba kapena ku Nyika. Mayi wa magazi okwanira amaupirira bwinobwino, mwananso chimodzimodzi. Wa magazi ochepa kwambiri, kapena wa sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, ndiye ayenera kuunikidwa kaye.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukhala malo amodzi nthawi yaitali. Pathupi pamachititsa magazi kuundana msanga, poti thupi limakonzekera kuti mayi asadzataye magazi ambiri pochira. Chiberekero chikamakula chimapanikizanso mitsempha yobweza magazi kuchokera kumiyendo. Ukaonjezapo maola oposa 4 miyendo ili chipindire, magazi angathe kuundana mukatumba n'kuyenda mpaka kumapapo. Ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi ali ndi kabowo pakati pa zipinda zam'mwamba za mtima, kamene nthawi zina kamalola magazi oundanawo kudutsa kupita ku ubongo. Ngati sitiroko yanu inapezeka kuti inadzera pamenepo, auzeni adokotala za ulendowu kudakali nthawi.

Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg sipakwana maola 3, koma ulendo wa ku London kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi ndi nkhani ina. Musaganizenso kuti basi ya ku Joni ndiyo yabwinoko. Mmenemo mudzakhala pampando usana ndi usiku.

Pofuna kuti magazi asaundane, kwa amayi ena timalemba jakisoni wa heparin, monga enoxaparin, amene safika kwa mwana. Warfarin, mapiritsi oletsanso magazi kuundana, angathe kupundula mwana m'miyezi yoyambirira, choncho amene mumamwa mankhwalawa onanani ndi adokotala mukangodziwa kuti mwaima. Mankhwala anu asalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi buku la kusikelo ndi kalata yofotokoza za masingano.

Pimitsani BP masiku ochepa musananyamuke. Ikafika 140/90, makamaka pathupi patadutsa masabata 20, kapena mutu ukuwawa kwambiri ndipo maso akuchita chidima, ulendo uyambe waima. Ndimaimitsanso mayi amene sitiroko yamugwira pa mimba yomweyi kapena miyezi yapitayi, chifukwa m'mwamba mulibe makina ounikira ubongo, pomwe mankhwala osungunula magazi oundana amafuna kuperekedwa m'maola anayi ndi theka chiyambireni sitirokoyo.

Makampani ambiri a ndege amafuna kalata ya dokotala kuyambira masabata 28, ndipo amalekezera pa masabata 36, kapena 32 ngati ndi mapasa. Funsani kampani yanu musanagule tikiti.

Mukaloledwa, pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti muziimirira n'kuyendako pafupipafupi. Valani masokosi othina a kuchipatala, imwani madzi ambiri, lamba wa pampando adutse pansi pa mimba. Ngati n'kotheka musayende nokha, ndipo woyenda nayeyo adziwe kuti akaona pakamwa panu papotoka kapena mawu akukanika, aitane ogwira ntchito m'ndege nthawi yomweyo, asadikire kuti ndege itere.