Woumira akayamba kupatsa, tiziseka chiyani?

Achinyamata a m'magulu a zisudzo, kaya ndi ku Ulongwe, ku Domwe kapena ku Moatize, amakonda kundifunsa funso limodzi: sewero lanthabwala likakhalitsa pa kanema, anthu a m'seweromo azisintha khalidwe kapena azikhala momwemo? Amafunsa chifukwa anaona njira zonse ziwiri zikupha sewero. Lina limatopetsa poti chaka chino n'chimodzimodzi chaka chatha. Lina limazizira poti munthu amene tinkamuseka uja wachenjera, wayamba ulemu, ndiye choseketsa chatha.

Ambiri kuno tinazolowera novela za ku Brazil, choncho ndiyambire pamenepo. Novela imayamba ikudziwa kale kuti idzatha. Imayenda miyezi 6 kapena 8, usiku uliwonse n'kukusiyani mtima uli m'mwamba kuti mawa mubwerenso, mpaka woipa alangidwe, okondana akwatirane. Sitcom, ndiye kuti sewero lanthabwala la pa kanema loyenda m'magawo, sinamangidwe choncho. Ku America gawo limodzi limatenga mphindi pafupifupi 22, zotsala kuti theka la ola likwane n'zotsatsa malonda, ndipo pachaka ankatulutsa magawo 22 kapena 24. Nyumba ndi yomweyo, mpando womwewo, anthu omwewo. Vuto limabadwa gawo likangoyamba, n'kukula, n'kuphulika, ndipo nyimbo yotsekera ikamalira aliyense wabwerera pamene anali.

Chifukwa choyamba cha kamangidwe kameneka ndi ndalama. Phindu lenileni linkabwera sewero likafika magawo pafupifupi 100, pamene eni ake ankaligulitsa ku mawailesi ena kuti azilionetsa tsiku ndi tsiku, nthawi zina mosatsata ndondomeko. Munthu amene waphonya Lolemba asasokonezeke Lachiwiri. Ndiye olemba ankauzidwa kuti asagwedeze kwambiri zinthu.

Komatu si ndalama zokha ayi. Agogo athu ankachidziwa chinthu chimenechi kanema asanabwere. Fisi wa m'nthano akanati aphunzirepo kanthu Kalulu atamupusitsa koyamba, nthano zikanatha usiku womwewo. Timaseka chifukwa tikumudziwa: akangomva fungo la nyama, ife taona kale dzenje limene agweremo, iye yekha ndiye sakuliona. Chisangalalo chagona pa kudikira kuti nthenda yake imugwetse bwanji ulendo uno. Ndi mmenenso zinalili ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi a ku Malawi, amene ife a m'malire tinkawamva ngati athu omwe. Palibe amene ankadikira tsiku loti awiriwo asiye makani. Olemba Seinfeld, sewero limene linayenda kuyambira 1989 mpaka 1998, anachita kudziikira lamulo: pasakhale zokumbatirana, pasakhalenso wophunzirapo kanthu. Analisunga mpaka gawo lomaliza, pamene anthu anayi a m'seweromo anatsekeredwa m'chitokosi n'kuyambiranso nkhani ya batani la shati, yomwe anayamba nayo m'gawo loyamba.

Vuto ndi kutalika kwa ulendo. Mr Bean, amene ana ambiri amamudziwa, ali ndi magawo 15 okha a anthu enieni, opangidwa pakati pa 1990 ndi 1995. Munthu wosasintha amakwana bwinobwino m'magawo 15. Koma Friends inafika magawo 236, The Big Bang Theory 279. Pa mtunda wotere wolemba amakumana ndi chiyeso chimene aliyense wa ntchito yathu amachidziwa. Nthabwala ya chaka chatha sigwiranso, ndiye umaikokera patsogolo pang'ono. Amene anali wochedwa kumva amasanduka chitsiru. Chaka chotsatira, chitsiru chotheratu. Joey wa mu Friends anayamba ngati mnyamata wosalimbikira za m'mabuku koma wodziwa moyo wa m'tauni; pofika kumapeto ankalephera zinthu zimene mwana wa sukulu sangalephere. Munthu yense uja amadyedwa ndi khalidwe limodzi, mpaka otsala ndi malaya ake ndi mawu amene amakonda kubwereza. Choncho munthu wa m'sewero amene mwamukaniza kukula sakhala pamodzi iyayi, amafota.

Palinso nkhani ya thupi. Bart Simpson, mwana wa mu The Simpsons, wakhala wa zaka 10 kuyambira 1989 chifukwa ndi chojambula. Mwana weniweni mawu amasintha, ndevu zimamera, ndipo mnyamata wa zaka 25 amene ankaseketsa pothawa lendi saseketsanso chimodzimodzi akamathawabe lendi imvi zili mbuu. Oonera amayamba kumumvera chisoni.

Ine maganizo anga ndi akuti funso lija limasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali nthenda ya munthuyo, imene ndiyo gwero la kuseka kwathu, ndipo imeneyo musaichize. Ndiye pali moyo umene wamuzungulira: ntchito yake, banja lake, udindo wake, zimene angataye akalakwitsa. Umenewo uziyenda ndithu, osabwerera m'mbuyo.

Tiyerekeze kuti tikulemba sewero la bambo wogulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa ku Ulongwe, munthu woumira koopsa. Chaka choyamba nthabwala zake n'zazing'ono: akukana kulipira waganyu, asenza yekha thumba, msana uthyoka, ndipo ndalama ya mankhwala iposa ya waganyu uja. Zoterezi mukhoza kulemba magawo 20 osatopa. Mukafika pa gawo la 40 zatha, ndipo chiyeso chija chafika, choti mumupangitse kuwerenga njere za mchere. M'malo mwake mupatseni mwayi. Geni yakula, wagula kalole kopititsira mbatata ku Tete. Tsopano kuumira kuja kwapeza malo atsopano: akuzimitsa injini potsetsereka kuti asunge mafuta, akukangana ndi dalaivala za nsima ya panjira, akufika mumzinda wotentha uja atavala jekete ya ku Angonia chifukwa sangagule botolo la madzi, bwanji malaya ena. Chaka chachitatu a mpingo amusankha kukhala msungichuma, ndipo kwa nthawi yoyamba nthenda yake ikuthandiza anthu, thumba la mpingo ladzadza, koma denga likudontha chifukwa sakulola kutulutsa ngakhale metikali imodzi. Munthuyo ndi yemweyo. Chasintha ndi kukula kwa zimene angawononge.

Kenaka, mwina kamodzi pa zaka ziwiri, mulole kuti nthendayo igonje. Mnzake amene akhala akulimbirana naye makasitomala kuyambira gawo loyamba wamwalira, kubanja kulibe kanthu. Bambo uja apita usiku kwa kalipentala n'kulipira bokosi, n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu. Pamenepa oonera amakhala chete, ndipo n'koyenera, chifukwa akudziwa kuti kwa munthu ameneyu ndalama imeneyo ndi magazi. Akanapereka wina wopatsa sitikanamva kanthu. Sabata yotsatira timupeza kwa kalipentala konkuja akufunsa ngati sipanatsale misomali. Taseka, koma kuseka kwake kwasiyana ndi kwa chaka choyamba, popeza tsopano tikudziwa chinsinsi chimene anthu ena onse a m'seweromo sakuchidziwa. Mkazi wake akamamunyoza kuti sanaperekepo kanthu chibadwire, iye n'kungoyang'ana pansi, nthabwala yakale yomwe ija yalemera.

Kukula kumene ndikunena ndi kumeneku. Kumabwera mwa apo ndi apo, kumamudyera munthuyo chinthu chimene amachikonda, ndipo kumasiya chipsera chimene magawo otsatira ayenera kuchikumbukira.

Olemba The Big Bang Theory anachita zotere ndi Sheldon, katswiri wa sayansi wodzimva amene sankafuna n'komwe kugwirana chanza ndi munthu. Amy, amene anadzakhala chibwenzi chake, analowa m'seweroli mu 2010, ndipo ukwati wawo unachitika mu 2018. Zaka 8 zonsezo ankangosuntha pang'onopang'ono, kugwirana dzanja kokha kunali nkhani yaikulu. Mu 2019, polandira mphoto ya Nobel m'gawo lomaliza, anasiya mawu odzitama amene anakonza n'kuthokoza anzake mmodzimmodzi. Koma malo ake a pa sofa anawakakamirabe mpaka mapeto. Ena amati seweroli linafewa akazi atachuluka, nthabwala za sayansi n'kuchepa. Pali choonadi pang'ono, koma sindikhulupirira kuti anyamata anayi okangana za mabuku azithunzi akanafika chaka cha 12 paokha.

Nkhani ya ukwati ndiyo imene olemba ambiri amaiopa. Mnyamata ndi mtsikana akamakokana, kodi agwirizana kapena ayi, oonera amabwera sabata iliyonse, ndiye wolemba amaopa kuti akawakwatitsa chingwe chaduka. Friends inayesa njira zonse ziwiri m'nyumba imodzi. Ross ndi Rachel anawazunguza zaka 10, kugwirizana, kulekana, mwana n'kubadwa, kulekanabe, mpaka usiku womaliza mu 2004, ndipo zifukwa zowalekanitsira zinkanka zichepa mphamvu. Monica ndi Chandler anayambana ku London mu 1998, n'kubisa, n'kuululika, n'kukwatirana mu 2001, n'kuvutika kupeza mwana. Sitepe iliyonse inabala nthabwala zimene kale kunalibe. Kwa ine banja lachiwirili ndi limene linanyamula zaka zomaliza za sewerolo.

Ndipo ife kuno tilibe chifukwa choopera ukwati m'sewero. Kwa anzathu aku America awiri akakwatirana amatseka chitseko, atsala okha. Kwathu chitseko ndi pamene chimatseguka. Kwabwera ankhoswe, kwabwera alamu obwereka njinga, kwabwera apongozi oti sungadye nawo mbale imodzi kapena kukumana nawo maso pakanjira. Mnyamata wathu wodzitama uja mupititseni kuchikamwini, akamange nyumba pamudzi pa mkazi wake, malume a mkaziyo akhale ndi mawu pa ana ake kuposa iye. Pamenepo muli ndi magawo a zaka zitatu osakanda mutu. A ku Brazil amayandikirako kwa ife pa nkhaniyi. A Grande Família, imene inayenda pa wailesi ya kanema ya Globo kuyambira 2001 mpaka 2014, inadalira kwambiri mkangano wa Lineu, bambo wotsata malamulo, ndi mkamwini wake Agostinho, woyendetsa takisi wokonda njira zachidule. Agostinho anabereka mwana, anafika pokhala ndi kampani ya matakisi, koma ukathyali sunamuchoke, unangokwera mtengo.

Kulakwitsa kwina n'kwa mbali inayo: kulola anthu kukula kenaka n'kuchita ngati sanakule. How I Met Your Mother, sewero la bambo wofotokozera ana ake mmene anakumanirana ndi mayi awo, linajambuliratu kachigawo ka mathero ake mu 2006, ana aja asanakule. Sewero linapitirira mpaka 2014. M'zaka zimenezo anthu a m'nkhaniyo anayenda ulendo wautali, ndipo chaka chonse chomaliza chinathera pa ukwati wa Barney ndi Robin, anzake a bambo uja. Gawo lomaliza linathetsa ukwatiwo m'mphindi zochepa, mayi uja n'kumwalira, kuti nkhani ikafike pa mathero akale aja. Oonera ambiri anakwiya, ndipo ndimawamvetsa. Anawapempha kuti akhulupirire kusintha kwa anthuwo, kenaka n'kuwauza kuti kunalibe ntchito. Mathero amene munalemba m'chaka chachiwiri ndi a anthu a chaka chachiwiri.

Nanga mudziwa bwanji kuti nkhani ikuyendadi? Sikuchuluka kwa zochitika. Sewero likayamba kudwala, zochitika ndiye zimachuluka: alendo otchuka, maulendo akunja, mapasa osadziwika, mwana watsopano woponyedwamo chifukwa ana akale akula. Ine ndimayesa ndi funso limodzi: gawo ili likanatheka chaka choyamba? Ngati magawo onse a chaka chachisanu akanatheka chaka choyamba, sewero laima. Ngati palibe ngakhale limodzi limene likanatheka, mwataya sewero limene anthu analikonda, mwayamba lina. Magawo ambiri azikhala a masiku onse, oti mlendo akhoza kulowa n'kuseka, koma pakati pawo pazikhala ochepa amene amatseka khomo kumbuyo.

Masiku ano chifukwa chakale chija cha ndalama chachepa mphamvu. Anthu akuonera pa foni, pa YouTube ndi pa Facebook, ndipo amene wakonda gawo limodzi amabwerera kukayamba loyamba n'kutsata onse. Woonera wotere amakumbukira kuposa wolemba. Mukanena m'gawo la 7 kuti bambo uja ndi mwana woyamba kubadwa, m'gawo la 60 n'kutulukira mkulu wake, wina alemba pansi pa kanemayo tsiku lomwelo. Magulu athu ambiri salemba mawu onse, amangogwirizana mutu n'kuyamba kujambula, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera kukoma kwa zisudzo zathu, sindikufuna kuti zimenezo zithe. Koma gulani kope limodzi. Munthu aliyense wa m'sewero akhale ndi tsamba lake: nthenda yake pamwamba, pansi pake abale ake, ngongole zake, zimene wataya, ndi chinsinsi chimene oonera akudziwa koma anzake sakudziwa. Musanajambule gawo latsopano, wina awerenge tsambalo mokweza pamaso pa gulu lonse, makamaka pamaso pa amene akusewera munthuyo.