Mzera wa pafupa la ntchafu umene dokotala amayang'ana munthu akathyoka chiuno

Gwirani m'mbali mwa ntchafu yanu, chakumtunda kufupi ndi chiuno, kenaka muzitembenuza phazi uku ndi uku. Chomwe chikusuntha pansi pa zala zanucho ndi chitunda chachikulu cha fupa la ntchafu, chotchedwa greater trochanter. Chakumkati kuli china chaching'ono, lesser trochanter, koma chimenecho simungachimve chifukwa chinakwiririka ndi minofu. Kumbuyo kwa fupali, zitunda ziwirizi zimalumikizana ndi mzera wotukuka ngati wa m'munda, dzina lake intertrochanteric crest. Kutsogolo kulinso mzera wina wokhakhala koma wosatukuka kwambiri, intertrochanteric line.

Fupa limakhuthala pamalo pamene minofu ndi mitsempha imalikoka tsiku ndi tsiku. Pamzera wakumbuyowu pali kachitunda pamene pamagwira mnofu wotchedwa quadratus femoris, umene umathandiza kutembenuzira mwendo kunja.

Koma chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri ndi ichi: mizerayi ndi malire. Kumtunda kwake kuli khosi la fupa, ndipo kunsonga kwa khosilo kuli mutu wobulungira umene umalowa m'chiuno. Mfundo yolumikiza mafupa imeneyi inakutidwa ndi thumba lolimba. Kutsogolo thumbali limafika pamzera penipeni, pomwe kumbuyo limathera pakhosi, lisanafike pamzera wotukuka uja. Mitsempha yopititsa magazi kumutu wa fupa, makamaka nthambi za medial circumflex femoral artery, imakwera chotsatira khosilo m'kati mwa thumbali.

Choncho dokotala akaunika chithunzi cha X-ray, amafufuza ngati fupa lathyokera kumtunda kwa malirewa kapena pakati pa zitunda. Likathyokera pakhosi ndi kusuntha, mitsempha ija imatha kuduka, mutu wa fupa n'kufa chifukwa chosowa magazi. N'chifukwa chake kwa okalamba kawirikawiri mutuwo amauchotsa n'kuikapo wachitsulo. Likathyokera pakati pa zitunda, magazi amafika okwanira ndipo fupa limalumikizana bwino, motero amangoligwiriziza ndi chitsulo kapena ndodo yachitsulo yolowetsa m'kati mwa fupa. Anthu awiri ogwa mofanana akhoza kulandira opaleshoni yosiyana, ndipo abale asaganize kuti wina wakonderedwa.

Zimandiwawa ndikamva kuti gogo anagwa, wagona masiku ambiri akumuthowa ndi madzi otentha poganiza kuti wangobinya. Mafupa a okalamba, makamaka amayi amene anasiya kusamba, amafooka moti kungoterereka kumakwanira kuwathyola. Munthu akagwa n'kulephera kuponda, akumva ululu m'mphechepeche, mwendo ukuoneka waufupi ndipo phazi lagonera kunja, musamuimiritse ndipo musawongole mwendowo. Munyamuleni chogona mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Opaleshoni imathandiza kwambiri ikachitika pasanathe masiku awiri, chifukwa kugona nthawi yaitali kumabweretsa chibayo, zilonda za pamsana ndi kuundana kwa magazi m'miyendo.